Brideshead Revisited: bukulo ndi labwino, koma wogulitsa anandinamiza

Ndinagula Brideshead Revisited ya Evelyn Waugh kwa bambo ena oyala mabuku akale pakhonde la sitolo, pa K7,000 titatsitsana. Ndinawafunsa kawiri konse kuti, "Bambo, masamba onse alimo?" Iwo amvekere, "Lathunthu ili mayi, musakayike."

Ndinaliwerenga masabata awiri, usiku ana akagona. Ndinafika pamene Lord Marchmain wachoka ku Venice kubwerera ku England kudzafera m'nyumba ya makolo ake yotchedwa Brideshead. Ana ake akukangana zoitana wansembe, Charles Ryder, munthu wosapembedza amene ali pachibwenzi ndi Julia mwana wamkazi wa Marchmain, akukakamira kuti nkhalambayo aisiye ife mumtendere. Mtima uli dyokodyoko ndinatembenuza tsamba, n'kupeza nkhani yalumpha. Masamba 12 mulibe! Nditakanula pamsana pa bukulo ndinaona guluu wouma wachikasu, kusonyeza kuti munthu anamata dala kuti pasaoneke. Loweruka ndinabwererako. Osandiyang'ana n'komwe, anangoti katundu akachoka sabwerera. Ndalamayo ndikanaiwala, koma bodza lija likundiwawabe mpaka lero.

Mnzanga wa kukwaya ndiye anandibwereka lake, ndipo masamba omwe anasowawo ndi amene anandiliza. Father Mackay akudzoza wodwalayo mafuta, munthu amene anasiya mkazi ndi Mpingo zaka zambirimbiri. Dzanja likukwera pang'onopang'ono kupita pamphumi, Charles n'kumayesa kuti akufuna kupukuta mafutawo, koma likutsikira pachifuwa, kenako paphewa. Chizindikiro cha mtanda. Aliyense amene anadikirirapo matenda a kholo lake podziwa kuti kwatsala maola ochepa adzamva zomwe ndinamva ine.

Mnzangayo buku limeneli salikonda. Akuti Waugh, poti analowa Chikatolika mu 1930, anachita kukakamiza nkhani kuti Julia akane kukwatiwa ndi Charles. Pamenepo sitinagwirizane, chifukwa Julia chikumbumtima chinayamba kumuvuta kale bambo ake asanadwale. Pomwe ndikumuvomereza m'poti wolembayu amasirira kwambiri anthu achuma. Vinyo, zakudya za ku Oxford ndi ku Paris, zipinda za Brideshead, zonse amazifotokoza mpaka kutopetsa, pomwe Hooper, msilikali wochokera kubanja wamba, amamuonera pansi. Analilemba mu 1944, nkhondo ili mkati, chakudya chikusowa, n'kutuluka mu 1945, ndipo mwini wake anadzavomera pambuyo pake kuti pa zakudyazo anapyola muyeso.

Amene wandikhala mumtima ndi Sebastian, mwana wamwamuna wa Lord Marchmain, mnyamata wokongola woyenda ndi chidole chake Aloysius, yemwe mowa unamutha mpaka kukatsirizira pakhomo pa amonke ku Tunisia. Kwathu tili naye wotere. Momwe Cordelia amamukambira mlongo wakeyo, mopanda manyazi ngakhale kumunyoza, zinandichititsa kuimbira foni achimwene anga amene ndinali nditawakwiyira miyezi ingapo.

Bukulo ndalipatsa nyenyezi zisanu, ngakhale Chingelezi chake chimafuna kufatsa. Bambo aja ndikuwapatsa imodzi, poti popanda iwo mwina sindikanalidziwa. Masamba 12 aja ndinakachita fotokope n'kuwalowetsa m'malo mwake, ndipo pakhonde paja tsopano ndimangodutsa.