Ma bondi a boma, madola ndi timasheya: mmene zandiyendera kuchokera 2024

Ma bondi a boma, mapepala osonyeza kuti wakongoza boma ndalama kwa zaka zingapo, ndinagula chakumapeto kwa 2024, nthawi ija malaiti ankathima mpaka maola 21 pa tsiku chifukwa madzi ku Kariba anali atatsikiratu, unga ukukwera mtengo sabata ndi sabata, ndipo pafupifupi aliyense amene ndinamuuza anati ndalama zanga ndazitaya. Sindikuwadzudzula ayi, anali ndi chifukwa. Zambia inalephera kubweza ngongole yakunja ya Eurobond mu November 2020, ndiye munthu ukamati ndikufuna kukongoza boma lomwelo anthu amakuyang'ana kawiri. Koma ma bondi a mu kwacha sanalowe nawo pa zokambirana zosintha ngongole zija, zinakhudza ngongole zakunja, ndipo eni Eurobond anali atagwirizana kale ndi boma mu June 2024. Apa mpamene mtima wanga unakhazikika.

Ndalama zake zinali za 20 peresenti ija ya ndalama za penshoni ku NAPSA imene analola kuti tizitapako kuyambira 2023, kuphatikiza kenakake kamene ndinkasunga kuchokera ku kashopu kanga ku Chilenje. Ndinazigawa patatu, gawo lalikulu bondi ya zaka 7, lina treasury bill (kukongoza boma kwa nthawi yochepa) ya masiku 364, katsalako masheya pa LuSE, msika wa masheya wa ku Lusaka.

Kwa amene simunayambe, kulowa kwake sikovuta monga anthu amaganizira. Umatsegula akaunti ya CSD, yosungiramo mapepala a bomawa, ku Bank of Zambia kapena kudzera ku banki yako, ndipo poyambira ndi K1,000 chabe. Ife a ndalama zochepa sitipikisana pa okushoni pomwe boma limagulitsa mapepalawa, timangolandira chiwongola dzanja chimene chatuluka tsikulo. Ma treasury bill alipo a masiku 91, 182, 273 ndi 364, ma bondi amayambira zaka 2 mpaka 15 ndipo amalipira kuponi, kutanthauza chiwongola dzanja chake, kawiri pachaka.

Manje za bondiyo. Nthawi imene ndinagula, ma bondi a zaka zambiri ankapereka kupitirira 20 peresenti pachaka, pomwe mitengo ya zinthu inkakwera ndi 15 mpaka 16 peresenti, ndiye phindu lenileni linali kagawo kakang'ono kapamwambako. Chimene ambiri samachiona nchakuti peresenti ya bondi imamangika tsiku limene wagula, siisinthanso mpaka zaka zake zithe. Kukwera kwa mitengo kunafika 16.8 peresenti mu February 2025, kenako kunayamba kutsika mpaka kufika cha m'ma 11 chakumapeto kwa chakacho, koma kuponi yanga ili pomwepo. Ndiye kuti chaka chomwe mitengo ikuzizira ine phindu langa lenileni likukula ndisanachite kalikonse. Amene akugula lero akupatsidwa zochepa kuposa zimene ndinapatsidwa ine, ndipo Bank of Zambia ikakwanitsadi kusunga kukwera kwa mitengo pa 6 mpaka 8 peresenti pomwe imafuna, pepala limeneli lidzakhala chinthu chabwino kwambiri chimene ndinagulapo. Kuponi yakhala ikulowa mu akaunti pa nthawi yake, foni imangolira meseji, ina ndinalipirira fizi ya mwana ina ndinaibwezera momwemo.

Chondiwawa chilipo, msonkho. Poyamba ankadula 15 peresenti pa chiwongola dzanja, mu 2025 anakweza kufika 20. Tiyerekeze muli ndi K10,000 pa 20 peresenti, pa miyezi 6 iliyonse kuponi ndi K1,000, kale msonkho ukachoka mumatsala ndi K850, lero ndi K800. K50 ingaoneke yaing'ono koma ichulukitseni ndi ndalama zimene munthu waika komanso zaka zonse zatsala, mupeza kuti ndi matumba angapo a unga. Ndiye mukamawerenga peresenti yolembedwa pa zotsatira za okushoni muzichotseratu msonkho musanasangalale.

China nchakuti ndalama ya mu bondi siituluka msanga. Amayi atadwala kumudzi ku Katete ndinafunsa ku banki ina ngati ndingagulitse kagawo, anandiuza kuti zimatheka koma ndidikire wogula ndipo mtengo adzatchula ndi iyeyo. Odwala sadikira zimenezo. Chinandipulumutsa ndi chilimba chathu cha pamsika, anzanga anavomera kuti nditenge ine mwezi umenewo m'malo mwa mayi wina amene inali nthawi yake. Mpake ndimakana anthu akamanena kuti chilimba nchachikale, chilibe chiwongola dzanja inde, koma chili ndi anthu amene amakudziwa. Ndipo munthu amene alibe kandalama kapadera ka mwadzidzidzi asayambe ndi bondi ya zaka 7, adzathera kwa a kaloba uku pepala lake lili gone.

Treasury bill ija itakhwima ndinagulanso ina koma peresenti inali yotsikirapo. Palibe zambiri zonena, imagwira ntchito yake, ndi malo oimikapo ndalama imene udzaifune chaka chamawa.

Nkhani imene timakangana kwambiri kunyumba ndi ya madola. Alamu anga anagula madola nthawi yomwe ine ndinagula bondi, dola ili cha m'ma K26, ndipo pofika March 2025 itadutsa K28 ankaoneka kuti apambana ndi iwo. Kenako kwacha inatembenuka, pakati pa 2025 dola inali cha m'ma K23. Sindikuwaseka, maganizo awo anali ndi maziko, tonse takula tikuona kwacha ikungogwa mpaka mu 2013 anachotsa maziro atatu. Komanso iwo amaoda katundu ku China wogulitsa ku Kamwala, ndiye madola amawafunadi pa bizinesi. Koma kwa ine amene lendi, fizi, malasha ndi unga zonse ndimalipira mu kwacha, dola yosungidwa m'nyumba siibala kanthu, imangodikira kuti dziko livutike.

Chinalimbitsa kwacha sichinali chozizwitsa. Mvula inagwa bwino, chimanga chinachoka pa matani pafupifupi 1.5 miliyoni mu 2024 kufika pafupifupi 3.7 miliyoni mu 2025, ndiye zoitanitsa chakudya kunja zinachepa ndipo unga unatsika. Mtengo wa mkuwa unakwera pa msika wa ku London, ndipo mkuwa ndi umene umabweretsa pafupifupi 70 peresenti ya ndalama zakunja. Kampani ya migodi ya Mopani inapeza eni atsopano a ku Abu Dhabi, inzake ya KCM inabwerera kwa kampani ya Vedanta. Bank of Zambia nayo pansi pa a Denny Kalyalya inagwira chiwongola dzanja pa 14.5 peresenti pafupifupi chaka chonse cha 2025, inangotsitsako pang'ono mu November. Koma muone bwino, ziwiri zazikulu pamenepa, mvula ndi mtengo wa mkuwa, palibe wa ku Bank of Zambia pa Cairo Road amene amazilamulira.

Masheya ndinagula ochepa a banki ya Zanaco ndi a CEC, kampani ya magetsi ya ku Copperbelt. Akwera bwino ndithu ndipo dividendi, gawo la phindu la kampani, ndalandirako, koma msika wathu ndi waung'ono, masheya ena amatha masiku osagulidwa ndi munthu, ndiye mtengo umene ukuuona pa foni sindiye kuti ungagulitse pompo. Ndimawatenga ngati mbuzi zakumudzi, zikuswana koma sindizidalira pa ndiwo za lero.

Kutsogoloku maso anga ali pa masankho a pa 13 August 2026. Chaka cha masankho boma lililonse limatsegula chikwama, likakongola kwambiri kuno kwathu peresenti ingakwerenso ndipo mitengo ingadzukenso. Pulogalamu ya ngongole ya IMF imene inayamba mu August 2022 yathandiza kuti ndalama zisamwazike, ndiye ndikufuna kuona chimene chibwere pambuyo pake. Zoti tidzakumba matani 3 miliyoni a mkuwa pachaka pofika 2031 ndikuzifuna ndi mtima wonse koma 2024 tinali cha m'ma 820,000, ndipo migodi siiyenda popanda magetsi, ndiye sindiika ndalama zanga pa lonjezo limenelo.

Bondi yanga sindigulitsa. Kuponi zikubwerazi ndiziika mu ma treasury bill a masiku 91 ndi 182 mpaka masankho adutse, kuti peresenti ikadzakwera ndidzakhale ndi ndalama m'manja yogulira bondi ina, ndipo mwezi uno ndikuonjezera kaye thumba la mwadzidzidzi lija mpaka likwane lendi ndi chakudya cha miyezi itatu.