Vinyo wofiira amene ndasunga ku Zomba: wapirira ndi uti?

Papita chaka ndi miyezi ingapo chigulireni furiji yaing'ono ya vinyo, n'kuikamo mabotolo a vinyo wofiira oti akhalitse. Tsopano yadutsa m'nyengo zonse za kuno: dzuwa la Okutobala, chinyezi cha mvula ndi chiperoni cha mu Juni. Chimene ndaona n'chakuti chaka cholembedwa pabotolo chili ndi ntchito ndithu, koma ku Zomba kuno botolo la chaka chabwino limawonongeka msanga likamatenthedwa masana n'kuzizira usiku.

Furijiyi ndi ya kompuresa, ndipo ndimaisiya pa madigiri 13. Anthu ena amagula zija zopanda kompuresa poti n'zotsika mtengo komanso sizisokosa, koma zimenezo zimangotsitsa kutentha pang'ono kuchokera pa kutentha kwa m'chipinda. Kunja kukapyola madigiri 30, monga zimachitikira m'tauni muno mvula isanagwe, sizikwanitsa. Yangayi yagwira bwino. Magetsi akathima sinditsegula chitseko, ndipo m'mipata yotsala ndinaikamo mabotolo a madzi kuti kuzizira kuzichedwa kutha. Vuto lina linabwera mu Januwale, pamene chuku chinayamba kugwira mapepala a pamabotolo. Vinyo sanakhudzidwe, koma wosungira kuti adzagulitse kapena kudzapereka mphatso akute mapepalawo ndi pulasitiki yopyapyala. Amene mukukhala chakumtunda, kuyandikira Ku Chawe, mwina kabati ya m'chipinda chamkati ingakukwanireni. Ku Matawale kapena ku Chinamwali sindingayese.

Tsono nkhani ya zaka. Chaka cha pabotolo ndi chaka chimene mphesa zinakololedwa, osati chimene vinyo anathiridwa m'botolo. Ku South Africa amakolola cha mu Febuluwale ndi Malichi, pomwe ku France amakolola cha mu Seputembala ndi Okutobala, choncho chaka chimene chinakoma ku Bordeaux sichikutanthauza kuti chinakomanso ku Stellenbosch. Ku Bordeaux zaka za 2009, 2010 ndi 2016 n'zotamandidwa, pamene 2013 inali yovuta chifukwa cha mvula ndi kuzizira. Koma mitengo ya kumeneko, kwa ife olandira makwacha, njoboola m'thumba. Ine ndinatsamira ku Stellenbosch, ku zaka za 2015 ndi 2017.

Zaka zimenezo dera la Cape, komwe kuli Stellenbosch, linali pachilala. Mpesa ukasowa madzi umabereka timphesa tating'ono, tamakhungu ambiri koma madzi ochepa, ndipo m'makhungu ndi momwe mumachokera mtundu wofiira, pamene m'makhungu ndi m'njere mumachokera tannin, chinthu chija chimaumitsa m'kamwa ngati waluma nthochi yosapsa. Tannin ndi kuwawasa ndi zimene zimathandiza vinyo kukhalitsa. Vinyo wa ku munda wa mphesa wa Kanonkop, ku Stellenbosch, wotchedwa Paul Sauer wa 2015 anapatsidwa mapointi onse 100 ndi katswiri wa ku Britain, Tim Atkin, ndipo kumupeza lero si kwapafupi. Ine ndinapeza vinyo wa mphesa za Cabernet Sauvignon wa 2017 ndi mabotolo ochepa a Meerlust Rubicon, vinyo wosakaniza mphesa za mtundu wa ku Bordeaux amene anayamba kupangidwa mu 1980.

Cabernet uja ndi amene wandisangalatsa kwambiri. Botolo limene ndinatsegula nditangogula linali lolimba, louma pa lilime, fungo lake lobisika. Lina ndatsegula mwezi wathawu titawotcha nyama yambuzi, ndipo kuuma kuja kwayamba kufewa, fungo la zipatso zakuda likutuluka bwino botolo likakhala kanthawi chitsegulire. Akadali ndi zaka kutsogoloku, otsalawo sindiwakhudza msanga. Vinyo wa mphesa za Pinotage amene ndinaikamo nayenso wakhala bwino. Mphesa imeneyi inabadwira ku Stellenbosch komweko mu 1925, pamene Abraham Perold anakwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut, ndipo ikapangidwa mosamala imapirira kuposa momwe ambiri amaganizira. Rubicon sindinamutsegulebe.

Amene sanapindule kalikonse ndi Merlot wotsika mtengo wa m'sitolo amene ndinaikamo dala kuti ndione. Wazirala, kukoma kwa zipatso kwachepa, palibe chatsopano chabwera m'malo mwake. Sikuti ndi woipa. Vinyo wambiri amapangidwira kumwedwa akadali watsopano, ndipo kumugoneka m'furiji n'kungomutayitsa nthawi yake yabwino, n'kuthanso malo.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandipweteka mtima, chifukwa furiji singachikonze: botolo lofika kale litapsa. Lina mwa amene ndinagula m'sitolo ina linali ndi chitsekerero chotukuka pang'ono komanso kadontho kouma m'khosi, ndipo nditalitsegula linkanunkha ngati jamu wopsereza. Linatenthedwa panjira kapena pashelefu pafupi ndi zenera. Pogula, yang'anani chitsekerero ngati chili chosalala ndi mlomo wa botolo, onaninso ngati vinyo sanatsike kwambiri m'khosi. Mabotolo a chitsekerero cha cork agonekeni chammbali kuti chisaume n'kulowetsa mpweya. A chitsekerero chachitsulo chopotokola atha kuimirira.

Gulani mabotolo atatu kapena kupitirira a mtundu umodzi, osati limodzi limodzi la mitundu yambirimbiri, chifukwa njira yodziwira kuti vinyo wafika pake ndi kutsegula limodzi n'kusiya enawo. Ndipo ngati mukuitanitsa kuchokera ku Blantyre kapena ku Johannesburg, chitani zimenezo mu Juni kapena Julayi kukuzizira, mabotolowo akhale m'kati mwa galimoto osati kubuti.