HandBrake inandiombola pa vidiyo ya chinkhoswe yomwe imakana kutuluka

Amene mumajambula maukwati ndi zinkhoswe mukudziwa ululu wake, wakhala masiku atatu ukudula, kuika nyimbo, kukonza ma color, wadina export ndiye kamzere kaja kayenda kayenda mpaka 68% basi kaima, kenako error. Ine zinandigwera mwezi wathawu ndi vidiyo ya maola awiri, mwini wake akuimba m'mawa ndi madzulo kuti achimwene flash ija ili kuti, abale aku Joni akudikira.

Ndinayamba ndi zomwe tonse timayambira, kufufuta cache, kuona ngati hard drive yadzaza, kuzimitsa hardware encoding kuti CPU igwire yokha. Koma ayi ndithu, imaima pomwepomwepo. Nditayang'ana bwino pa timeline ndinaona kuti 68% ija ikugwera nthawi ya perekani-perekani, pomwe ndinalowetsa tima clip tomwe asisi ake a mkazi anajambula pa foni, anthu akuvina akuponya ndalama mu lichero. Ndinatsegula kamodzi mu MediaInfo, pulogalamu yoonetsa tsatanetsatane wa file ya vidiyo, ndipo palembedwa Frame rate mode: Variable. Nkhani yonse inagona pamenepo. Foni sijambula ma frame ofanana sekondi iliyonse ngati kamera, mu holo mukada imatsitsa, kuwala kukabwera imakwezanso, pomwe kamera yanga ili phee pa ma frame 25 pa sekondi. Kuonjezera apo tima clip tinali mu HEVC, njira yopanikizira vidiyo yomwe laputopu yakale ngati yangayi imachita kubuula nayo.

Mnzanga wina wojambula ndi amene anandiuza za HandBrake, pulogalamu yotembenuza vidiyo kuchoka mu mtundu wina kupita mu wina. Ndi yaulere zenizeni, palibe watermark, palibe zoti lipirani pakatha masiku 7, ilipo kuyambira 2003 ndipo imagwira pa Windows, Mac ndi Linux. Mukaitenge pa handbrake.fr osati ma site ena aja odzaza ma virus. Ndinaponyamo tima clip tonse 14, pa Video ndinasankha H.264 (yopepukirapo kuposa HEVC), framerate 25, n'kudina Constant Framerate kuti ma frame asamasinthesinthe, quality ndinaika RF 18 (nambala ya RF ikachepa chithunzi chimaoneka bwino koma file imakula) kuti nkhope za anthu zisaphwanyike, kenako zonse pa Queue ine n'kupita kukadya nsima. Pobwera ndinachotsa akale aja pa timeline n'kuikapo atsopano, export inadutsa pa 68% ngati palibe kanthu mpaka 100%. Ngakhale mawu a MC omwe amatsalira kumbuyo kwa milomo anakhala pamalo pake. Ndinapumira m'mwamba abale.

Koma musaitenge ngati yochitira editing, ilibe timeline, ntchito yake ndi kutembenuza vidiyo basi. Pa laputopu yofooka imachedwa ndipo fan imalira, magetsi akathima pakati file yomwe imapangidwayo mumayambiranso. Pa Windows imafunanso muike .NET Desktop Runtime kaye, ndiye onetsetsani bundle ilipo. Ma setting ake ndi ambiri moti woyamba kumene akhoza kuchita mantha, koma preset ya Fast 1080p30 ndi poyambira pabwino, mungosintha framerate igwirizane ndi kamera yanu.

Inandithandizanso kachiwiri tsiku lomwelo. File yomaliza inatuluka 9GB ndipo flash ya kasitomala imakana ngakhale malo analipo ambiri, kumeneko ndi FAT32, format ya flash yomwe silandira file yoposa 4GB. Ndikanatha kuipanga format kukhala exFAT, yomwe imalandira ma file akuluakulu, koma iwo amafuna akaonere pa TV yakale ya kumudzi ndipo ma TV ena saiwerenga exFAT. Ndinaibwezanso mu HandBrake pa RF 23, inatsika kufika 3.6GB, zitenje za yunifomu zikuonekabe bwinobwino maluwa ake.

Kwa ine ndi nyenyezi 4 ndi theka pa 5. Pano clip iliyonse ya pa foni yomwe achibale anditumizira imadutsa kaye mu HandBrake isanalowe pa timeline.