Opaleshoni ya phewa ku Joni: timastika ta pachipumi ndi bilu yake

Mwezi watha ndinapangidwa opaleshoni ya phewa pa chipatala china cha pulayiveti kuno ku Johannesburg, dzina sinditchula, ndiye poti abale ambiri akumandifunsa pa WhatsApp kuti zinayenda bwanji ndati ndingolemba kamodzi basi. Za dokotala wong'amba ndilibe zambiri, anasoka bwinobwino, phewa likupola. Ine ndikufuna ndinene za uja wogonetsa, amene ambirife timamudziwa bilu yake ikafika.

Mantha anga sanali pa mpeni ayi. Chimandisowetsa tulo ndi nkhani ija yodzuka opaleshoni ili mkati, ukumva zonse koma osatha kugwedeza ndi chala chomwe chifukwa akubaya mankhwala ofooketsa minofu. Azakhali anga ku Mangochi ankaisimba nkhani imeneyi ngati ya afiti. Ndinawauza adokotala ogonetsawo, anali mayi, sanandiseke, anati zimachitikadi koma mwa apo ndi apo, ku UK kafukufuku wa NAP5 wa 2014 anapeza kuti odandaula zimenezi ndi pafupifupi munthu mmodzi pa 19,000 alionse. Mumtima ndinati mmodziyo akhoza kukhala ine amene kkkk.

Titalowa mu fiyeta anandipukuta pachipumi ndi sipiriti nkuyamba kumata timastika, ine ndi kamwa yangayi mafunso mbwee, iwo akuyankha uku akumata. Kalamba koyamba ndi ka BIS, kameneka kamamvera timagetsi ta muubongo nkuonetsa nambala pa sikirini kuyambira 0 mpaka 100. Ukakhala maso imakhala cha mma 90 umu, akakugoneka amafuna izikhala pakati pa 40 ndi 60. Si zatsopano, ku America anaziloleza mu 1996.

Timastika tina tiwiri, kena kumanja kena kumanzere, ndi timene tinandigometsa. Timeneti ndi ta kuwala, amati NIRS. Kamawalitsa kuwala kosaoneka ndi maso, kamadutsa khungu ndi chibade nkufika pamwamba pa ubongo, ndiye poti magazi okhuta okosijeni ndi magazi amene okosijeni yawathera amamwa kuwalako mosiyana, kuwala kobwerera kaja makina amakuwerenga nkudziwa kuti ubongo ukupeza mpweya wokwanira kapena ayi. Palibe kubaya, palibe kuboola, sumva ndi kutentha komwe. Nzeru yake ndi yomweyo ya kachipanda kamene amakupanitsa pachala kaja, kungoti aka kakusuzumira mmutu. Anayambitsa ndi wasayansi wina dzina lake Frans Jöbsis mu 1977, taonani kutalika kwake, ine ndisanabadwe.

Apa ndi pamene ndinawakonda mayiwo. Ine ndinali nditaganiza kale kuti kuwalako ndiye kukuyeza kuti ndagona mozama bwanji, iwo anati ayi achimwene, musasokoneze. Zoyeza kuya kwa tulo pogwiritsa ntchito kuwala ofufuza akuyesabe, koma mu fiyeta lero amadalira BIS uja, kuchuluka kwa gasi wogonetsa amene ukupuma, BP ndi kugunda kwa mtima. Ntchito ya kuwala ndi kulondera okosijeni. Wina akanangovomera kuti inde zimayeza zonse kuti ndisiye kuvuta.

Nanga phewa ndi ubongo zikukhudzana pati? Opaleshoni yanga amaipanga munthu atakukhazika tsonga ngati uli pampando wa kwa ometa, mutu pamwamba mtima pansi, pomwe mankhwala ogonetsa amatsitsa BP, ndiye BP imene akuyeza pamkono imakhala yokwererapo kuposa imene ikufika kumutu. Nchifukwa chake anayamba atenga nambala yanga ya okosijeni wa muubongo ndili maso, akuti ikatsika ndi 20 peresenti kuchoka pamenepo amakweza BP, kuwonjezera mpweya kapena kukonza mmene khosi lakhalira.

Ndinafunsanso za khungu, paja ine ndine wakuda bii, ndipo ndinamvapo kuti tapachala tija timanama pa anthu akuda, madokotala a ku University of Michigan analemba zimenezi mu 2020. Sanakane. Anati kuda kwa khungu kumamwako kuwala kwina, nchifukwa chake iwo sakhulupirira nambala payokha koma amayang'ana kuti yasuntha bwanji kuchoka pa yanga ija yoyamba. Kenako anakankhira mu dilipi mankhwala oyera ngati mkaka, propofol, kunaluma pang'ono mumtsempha, ndinati ndifunse funso lina koma pamene ndimazindikira ndi nesi akundiitana dzina zonse zatha. Sindinamve kalikonse. Kukhosi kokha kumakanda masiku awiri, mkono unali zii ngati si wanga mpaka mmawa chifukwa cha jakisoni wa dzanzi wa pakhosi, ndipo pachipumi panatsala timizere, mayi a kunyumba atandiona anati ndikuoneka ngati ndachokera kwa asing'anga kukatemera.

Ndili chigonere ndinaganiza za kumudzi, kumene mzipatala zambiri za maboma ogonetsa amakhala ma clinical officer, amagwira ntchito yomweyi ndi kachipanda ka pachala ndi makina a BP basi, anthu nkumadzuka bwinobwino opaleshoni itatha. Amene aja ndi akatundu.

Tsopano chimene chandikwiyitsa. Wogonetsa bilu yake imabwera payokha, osati ya chipatala ija, ndipo medical aid ya kuntchito inalipira mtengo wake umene imaudziwa iyo, zotsala nkundisiyira ine, gap cover, inshulansi yolipira zotsalazo, ndinalibe. Timastika tija ndi togwiritsa kamodzi nkutaya, natonso ndinatipeza pa bilu ya chipatala. Sindikuti akanapanda kumata, mutu ndi wanga, koma palibe anandiuza za ndalama ndisanasaine, pepala lake anandipatsa ndavala kale kagawuni kotsegula kumbuyo kaja, munthu ungawerenge chani pamenepo? Ku ofesi yawo ya mabilu foni ndaimba kambirimbiri, eyataimu kuthera pa nyimbo yodikirira.

Adokotalawo ndikuwapatsa 5 pa 5, a mabilu 1 ndipo ndawakomera mtima. Pamapeto tagwirizana kuti ndizilipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, katundu amene ndimati nditumize kumudzi pa basi ya ku Park Station ayambe wadikira kaye.