Kosankhira deti pa webusayiti: ka bulawuza, Flatpickr kapena React Aria?

Fomu ya pa intaneti ikaonetsa 03/04/2025, munthu wa ku Lilongwe ndi wa ku London amawerenga kuti ndi pa 3 Epulo, pamene wa ku Chicago amaona 4 Malichi. Ambiri mwa ife amene timapanga mawebusayiti timaganiza kuti tikamasulira mayina a miyezi ndiye kuti kabokosi kosankhira deti kakonzeka, koma kumasulirako ndi gawo laling'ono chabe la ntchitoyi. Ku America mlungu umayamba Lamulungu, mayiko ambiri a ku Ulaya amauyamba Lolemba monga mmene muyezo wa padziko lonse wolembera madeti wa ISO 8601 umanenera, ndipo ku Iran umayamba Loweruka. Ku Thailand chaka cha 2025 chimalembedwa 2568, ndipo kalendala ya ku Ethiopia ili ndi miyezi 13, womaliza wake uli ndi masiku 5 kapena 6 okha. Chida chilichonse chosankhira deti chiyenera kuyesedwa pa zinthu ngati zimenezi.

Njira yosavuta kwambiri ndi kabokosi kamene bulawuza imabwera nako kale, kamene timakaitana polemba input type="date". Sikafuna fayilo ina yoti munthu atsitse, choncho sikadya bandulo, ndipo pa foni kamatsegula kalendala ya foniyo, imene mwini wake anaizolowera. Deti imene kamatumiza ku seva imakhala ya mtundu umodzi nthawi zonse, chaka, mwezi, tsiku, monga 2025-04-03. Ngakhale Safari ya pa kompyuta, imene inachedwa, inayamba kukaonetsa bwino mu 2021. Vuto lake ndi lakuti wopanga tsamba alibe ulamuliro pa mmene detiyo ionekere, chifukwa kabokosika kamatsatira chinenero cha bulawuza kapena cha chipangizo, osati cha tsambalo. Mungathe kulemba tsamba lonse m'Chichewa, koma ngati laputopu inagulidwa itatcheredwa pa Chingerezi cha ku America, mwezi udzatsogola ndipo tsiku lidzabwera pambuyo.

Flatpickr, laibulale (khodi yolembedwa kale imene mumaika mu tsamba lanu) yopangira kabokosi kosankhira deti, ndi imene imabweza ulamuliro umenewu m'manja mwanu. Ndi yopepuka, sidalira laibulale ina, ndipo chinenero chilichonse chimakhala m'kafayilo kake kokhala ndi mayina a miyezi, mayina a masiku ndi nambala ya tsiku loyambira mlungu. Kafayilo ka Chichewa palibe, koma kukalemba si ntchito yaikulu. Chimene ndimakondera kwambiri Flatpickr ndi altInput, imene imalola kuti wodzaza fomu aone "3 Epulo 2025" pamene seva ikulandira 2025-04-03. Mwezi ukalembedwa ndi dzina lake, palibe angausokoneze ndi tsiku. Datepicker ya laibulale ina yotchedwa jQuery UI imagwira ntchito mofananamo, ndipo ili ndi isRTL yotembenuzira kalendala pa zinenero zolembedwa kuchokera kumanja monga Chiarabu, koma kuyambira 2021 eni ake amangoikonza pakapezeka vuto, sakuikulitsanso, kotero sindingalangize munthu kuyambira nayo ntchito yatsopano.

Polemba kafayilo ka Chichewa m'pamene munthu amaona kuti zidazi zinapangidwa ndi anthu oganiza m'zinenero zina. Pamwamba pa kalendala pamakhala timizere 7 topapatiza, ndipo chizolowezi ndi kudula dzina la tsiku pa zilembo ziwiri kapena zitatu zoyamba. Tikatero ndi masiku athu, Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu onse amasanduka "Lac", ndipo pa zilembo ziwiri Lolemba ndi Loweruka amakhala "Lo" onse awiri. Munthu wosankha tsiku lokaonana ndi dokotala sangadziwe mzere umene akuloza. Ine ndimaona kuti ndi bwino kusiya chiyambi cha dzina n'kutenga pamene pali kusiyana, monga Lem, Wir, Tat, Nay, San, Wer ndi Mul, kapena kukulitsa timizereto kuti dzina likwane. Komanso popeza Lachiwiri ndi tsiku lachiwiri kuwerenga kuchokera Lolemba, firstDayOfWeek, nambala ya tsiku loyambira mlungu ija, iyenera kukhala 1, kutanthauza Lolemba, chifukwa mukaisiya pa 0 monga imabwerera, Lachiwiri lidzakhala pa mzere wachitatu. Chenjezo lina ndi lakuti Flatpickr ikazindikira kuti ili pa foni imadzichotsa n'kusiyira kabokosi ka bulawuza, ndipo Chichewa chonse chimene munalemba chimasowa pokhapokha mutaika disableMobile kukhala true. Kwathu kuno, kumene anthu ambiri amalowa pa intaneti ndi foni, zimenezi si zoiwala.

Malire a Flatpickr ndi akuti imadziwa kalendala ya Gregory yokha. Ngati tsamba lanu likutumikira anthu a ku Addis Ababa, Tehran kapena Bangkok, React Aria ya kampani ya Adobe ndiyo yoyenera. Laibulale yake ya @internationalized/date imadziwa makalendala oposa 10, kuphatikizapo ya ku Ethiopia, ya ku Persia, ya Chibuda, ya Chiheberi, ya Chisilamu ndi ya ku Japan. Imasanja tsiku, mwezi ndi chaka molingana ndi dera, ndipo inakonzedwa mosamala kuti igwire ndi kiyibodi komanso ndi mapulogalamu owerengera anthu osaona. Mtengo wake ndi wakuti imafuna React (laibulale yomangira masamba a pa intaneti), maonekedwe onse mumalemba nokha, ndipo mayina a miyezi imawatenga ku Intl, gawo la bulawuza losunga kalembedwe ka madeti m'zinenero zosiyanasiyana. Intl ikapanda kuchidziwa chinenero chimene mwapempha, imangobwerera ku chinenero cha chipangizo osanena kanthu, choncho funsani kaye Intl kudzera pa supportedLocalesOf ngati "ny", chidule cha Chichewa, ilimo musanalonjeze kasitomala kalendala ya Chichewa.

Pali msampha umodzi umene React Aria inauzemba pamene zinazo zimakusiyirani nokha. Date, njira imene JavaScript (chinenero cha mapulogalamu a mu bulawuza) imasungira deti, imanyamula ola nthawi zonse, ndipo Malawi ili patsogolo pa UTC, nthawi yoyendera dziko lonse, ndi maola awiri. Munthu akasankha 3 Epulo, pulogalamu imasunga pakati pa usiku wa tsikulo, ndipo mukaitembenuza ndi toISOString, imene imalemba deti pa nthawi ya UTC, imatuluka 22:00 ya pa 2 Epulo. Deti yobadwa kapena yobweza ngongole imabwerera m'mbuyo ndi tsiku lathunthu. CalendarDate ya React Aria ilibe ola, choncho vutoli silibuka, koma pa Flatpickr tumizani deti yolembedwa kale ngati mawu, osaidutsitsa ku UTC.

Pa tsamba la Chichewa ndi Chingerezi ndingasankhe Flatpickr, pa tsamba la mayiko a makalendala osiyana ndingasankhe React Aria, ndipo kabokosi ka bulawuza ndingakasiyire mafomu a mu ofesi amene ogwiritsa ntchito ake mukuwadziwa. Deti yobadwa yokha ndiyo sindingaipatse chilichonse mwa zitatuzi. Munthu wobadwa mu 1958 sayenera kubweza kalendala mwezi ndi mwezi kufunafuna tsiku limene akulidziwa pamtima, ndipo n'chifukwa chake mawebusayiti a boma la Britain a GOV.UK amagwiritsa ntchito timabokosi titatu tolembamo, tsiku, mwezi ndi chaka, kalikonse kokhala ndi dzina lake pamwamba.