Nyenyezi zitatu: fibre ndi yabwino koma 94 Mbps inandivutitsa masabata atatu

Ndapereka nyenyezi zitatu, ndipo ziwiri mwa zitatuzo ndi za mnyamata mmodzi amene anabwera kwathu Loweruka, osati za kampaniyi ayi.

Ndinatenga package ya intaneti ya fibre ya spidi ya 200 Mbps ija yomwe akuitsatsa paliponse kuno ku Randburg, mtengo wake mukuudziwa kale, si wotchipa kwa munthu woti mwezi ndi mwezi akuyenera kutumizanso kangachepe kumudzi. Koma madam amagwira ntchito ali pakhomo, ma Zoom tsiku lonse, ana nawo YouTube siithima, ndiye ndinati bola tilipire zambiri tipume. Kuika anaika mwachangu, pamenepo sindidandaula.

Mavuto anayamba usiku womwewo. Ndatsegula Speedtest, ija yoyezera spidi ya neti, pa foni, 94. Ndabwereza, 93. Ndapita pa Fast.com, ija ya Netflix, yafika cha m'ma 90 momwemo n'kuima. M'mawa, masana, 2 koloko usiku aliyense atagona, nambala ndi yomweyo, ikukwera bwinobwino kenako ikafika pa 94 ikuima ngati yagunda khoma. Ndikulipira 200 koma ndikulandira yosakwana theka.

Ndiye ndinayamba kuimba ku call centre, ndipo apa ndi pamene mtima wanga unawawa zedi. Mayi woyamba anandiuza kuti ndizimitse rauta kwa masekondi 30 n'kuyatsanso. Ndinachita. Wachiwiri, zomwezo. Wachitatu anati vuto ndi WiFi, ndiyeze ndi chingwe, chabwino, ndinabwereka chingwe kwa aneba n'kulumikiza laputopu ku rauta, 94 yomweyo. Nditamuuza zimenezi anandiyankha kuti pa contract analemba "up to 200", ndiye chilichonse chapansi pa 200 ndi chololedwa, eti. Kenako anayamba kuponyerana mpira, mukudziwa kuno ku Joni kampani yokumba msewu n'kuika fibre ndi ina, yokugulitsa intaneti ndi inanso, awa akuti funsani awo, awo akuti kwathu mzere uli bwinobwino funsani amene mumawalipira. Matikiti atatu a dandaulo langa anatsekedwa ine osauzidwa, ndimangolandira SMS yoti vuto lanu lathetsedwa pomwe palibe amene waponda pakhomo. Mapeto ake anavomera kutumiza munthu koma mondiopseza kuti akapeza kuti vuto lili mkati mwa nyumba ndilipira call-out fee, ndalama yoitanitsira munthuyo. Munthu wolipira pa nthawi yake mwezi uliwonse kumuyankhula ngati wakuba, zinandinyansa kwambiri ndipo mpaka lero sindinaiwale.

Loweruka lija kunabwera mnyamata wamng'ono thupi, kachikwama kumsana. Anandimva ndikuyankhula ndi madam n'kundipatsa moni m'Chinyanja, kwawo ndi ku Chipata. Nditangomuonetsa ma screenshot anga onse, sanatsegule n'komwe laputopu yake, anangoti "achimwene, nambala iyi ndimaidziwa, 94 si vuto la fibre, penapake pali chingwe kapena port yomwe yagwira pa 100 m'malo mwa 1000."

Anandifotokozera titakhala pansi pa kapeti. Ma port a neti alipo a 100 Mbps ndi a gigabit, omwe ndi 1000. Port ikagwira pa 100, pa Speedtest sudzaona 100 yathunthu chifukwa kagawo kena kamapita ku ma header, timaadiresi tomwe timayenda ndi data, ndiye umaona 94 kapena 95. Ya gigabit nayo imathera cha pa 940. Ndiye ukaona nambala ikuima malo amodzimodzi usana ndi usiku osasuntha, dziwa kuti si kuchuluka kwa anthu pa network, chifukwa kuchuluka kwa anthu kumapangitsa nambala kukwera ndi kutsika makamaka madzulo.

Kenako anatsata chingwe. Kabokosi ka fibre, kaja amati ONT, anakaika pafupi ndi chitseko cha kukhitchini, ndipo rauta ili pabalaza, pakati pake pali chingwe chachitali chomwe woika woyamba uja anadula yekha n'kumanga timitu take. Mnyamatayu anatulutsa ka tester kokhala ndi timagetsi 8, n'kulowetsa mutu umodzi uku wina uko. Timagetsi tinayamba kuyaka motsatana, 1, 2, 3, mpaka 6, koma 7 ndi 8 zii. Atayang'anitsitsa kamutu kaja pawindo ndinaona ndi maso anga, timawaya tiwiri tabulauni sitinafike kumapeto, tinatsalira m'mbuyo pang'ono osakhudza tizitsulo tija. Anati mkati mwa chingwe muli mawaya 8, spidi ya 100 imangofuna 4 okha koma gigabit imafuna onse 8, ndiye mmodzi mwa 4 owonjezerawo akangolephera zipangizo zimagwirizana zokha kutsikira pa 100 mwakachetechete, neti imagwirabe ntchito ndipo palibe chokuchenjeza. N'chifukwa chake kuyeza kwanga ndi chingwe cha aneba sikunathandize, chotsekereza chinali kumbuyo kwa rauta, chilichonse m'nyumba chimadutsa pomwepo.

Anadula kamutu, n'kumanga kena, mphindi zosakwana zisanu. Timagetsi tonse 8 ngwee. Speedtest pa laputopu, 198 kutsitsa. Ndinabwereza kanayi ndisanakhulupirire.

Apa ndiye ndinene chilungamo, mkwiyo wanga pa fibre yeniyeniyo unatha pomwepo, chifukwa mzere wawo unali bwino kuyambira tsiku loyamba. Papita miyezi iwiri tsopano, ndimayezabe kawirikawiri ndipo pa chingwe sinatsikepo pansi pa 190 ngakhale 8 koloko madzulo, ping, nthawi yomwe data imatenga kupita ndi kubwerera, ku seva ya Johannesburg ili pa 3 ms (ma millisecond). Ma Zoom a madam sadukanso ngakhale ana ali pa YouTube.

Mnyamata uja asanapite anandionetsanso kayezedwe koyenera, zinthu zomwe a call centre akanatha kundiuza pa foni tsiku loyamba lomwe. Pa Windows ukatsegula status ya Ethernet pamalembedwa spidi yomwe chingwe chagwira, 100 Mbps kapena 1.0 Gbps, ndipo pa tsamba la rauta umaonanso spidi ya port ya WAN, ija yolandira chingwe chochokera ku ONT, pamene pakanaulula vuto langa msangamsanga. Anati poyeza uzimitse kaye zonse zodya neti, ma TV, ma update, VPN, ndipo uyang'ane seva yomwe Speedtest yasankha. Tinayesa dala seva ya London, ping inadumpha kupitirira 150 ms, ndiwo mtunda umenewo, si vuto la kampani. Foni nayo imanamiza, yanga ikakhala pa WiFi ya 2.4 GHz kuchipinda imandipatsa 40 yokha, ndikaima pafupi ndi rauta pa 5 GHz imafika 180 n'kupitirira, ndiye ukayeza pa foni kuseri kwa makoma awiri ukuyeza WiFi yako osati fibre. Anatchulanso iperf3, pulogalamu yoyezera pakati pa makompyuta awiri a m'nyumba momwemo osatuluka pa intaneti, imeneyo sindinaiyesebe.

China chomwe chinkandisokoneza ine, mwana wanga akamatsitsa gemu pamalembedwa 24 MB/s ndipo ndinkaganiza kuti atiberanso. Ayi ndithu, B wamkulu ndi ma byte, b wamng'ono ndi ma bit, byte imodzi ndi ma bit 8, ndiye 200 ukaigawa ndi 8 ndi 25. Mwanayo akulandira zonse zomwe ndikulipira.

Tikamaimba video call kumudzi ku Ntcheu chithunzi chimaimabe nthawi zina, koma pamenepo ndi netiweki ya foni ya amayi kumeneko, a kampaniyi sindingawanamizire.

Chomwe chandiletsa kupereka nyenyezi zinayi ndi ichi: pa bilu ya mwezi watha andiikira call-out fee ija, akuti vuto linali mkati mwa nyumba. Inde linali mkati, koma chingwecho anamanga ndi munthu wawo, ine sindinachikhudzepo. Mnyamata wa ku Chipata uja analemba zimenezi pa job card ndipo chithunzi chake ndili nacho, ndatumiza kawiri pa imelo, yankho palibe. Masabata atatu aja ndinalipira 200 ndikulandira 94 sanandibwezerepo kalikonse. Akachotsa fee imeneyi ndibwera ndidzasinthe nyenyezizi, tikiti yake ndatsegula Lolemba ndipo ndikudikirabe.