Wotchi yowerenga makalori ija, nayi nkhani yake patapita miyezi

Amene munati ndidzakuuzeni ngati kawotchi kanga kothamangira kali bho, mvetserani. Ndinakagula mutauni nthawi yozizira ija, kotchipa ndithu, dzina lake lomwe silidziwika, ndipo mpaka lero kakugwira, lamba sanaduke, batire imakhala pafupifupi sabata, zomwe kuno ndi nkhani yaikulu poti magetsi amabwera nthawi imene afuna okha. Pa kugunda kwa mtima ndi pa mtunda ndilibe nako mlandu. Koma nambala ya makalori ija, yonena mphamvu imene thupi lawotcha, aaa, musamaidyere nsima.

Nkhani ndi yoti wotchi siyeza makalori ayi, imangoyerekeza. Kunsi kwake kuli kanyali kobiriwira kamene kamaunika pakhungu n'kumaona magazi akamadutsa, nde imatenga kugunda kwa mtimako, kuphatikiza zaka, sikelo ndi msinkhu zomwe munalemba mu foni, basi n'kutulutsa nambala. Kuyeza kwenikweni kumachitika ku labu, munthu atavala chigoba kumaso choyeza mpweya umene akukoka ndi kutulutsa.

Ine njira yanga ndi imodzimodzi, makilomita 5 kuzungulira kuno ku Mufakose, mu Harare, mamawa. Mu June, chisanu chija chochita kulumitsa zala, inkandipatsa 430 kapena chapompo. Kufika October, ma jacaranda atachita maluwa dzuwa likuswa mtengo, njira yomweyo liwiro lomwelo munthu yemweyo, ikuti 520. Eti ndayamba kuwotcha zambiri? Ayi ndithu, kukatentha thupi limatumiza magazi ambiri pakhungu kuti lizizire, mtima umathamanga, wotchi n'kumaganiza kuti ndikulimbika kwambiri. Ngakhale ukamwa khofi kapena ukagona mochedwa zimatero. Msuweni wanga wochokera ku Nsanje atabwera anaivalako, nambala inakwera zoopsa, iye n'kumanyada, chonsecho Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 ndipo munthu wozolowera kuchigwa mtima wake umayamba wavutika kaye masiku oyamba. Za mu kombi ndiye musanene, ukakhala mpando wakumbuyo kuchoka kuno kukafika ku Copacabana, pokwerera makombi mutauni, mabampu aja imawawerenga ngati masitepe, umatsika utayenda kale osayenda.

Musaganize kuti vuto ndi kutchipa kokha. Mu 2017 akatswiri a pa Stanford University ku America anayesa mawotchi 7 pa anthu 60, kuphatikizapo Apple Watch, Fitbit Surge ndi Samsung Gear S2. Pa mtima, mawotchi 6 anaphonya ndi zosakwana 5 peresenti, zabwino kwambiri. Pa makalori, yochita bwino kuposa onse inaphonya ndi 27 peresenti, yoipitsitsa ndi 93 peresenti. Nde ngati a ndalama zambiri ankatero, kanga aka ndikayembekezere chani.

Chimene ndimagwiritsa ntchito pano ndi masamu a pamutu. Pothamanga, kilo iliyonse ya thupi lako imadya pafupifupi kalori imodzi pa kilomita. Ine ndili ndi makilo 80, kuchulukitsa ndi makilomita 5, ndi 400 basi, kaya kwatentha kaya kwazizira, ndipo liwiro silisintha zambiri pamenepo, ukathamanga kwambiri umangomaliza msanga. Kuyenda kumachepako ndithu pa kilomita. Komanso mu 400 yo muli kale makalori amene ukanawotcha ngakhale utangokhala pampando, chifukwa thupi likapuma limadyabe pafupifupi kalori imodzi pa kilo pa ola, ndiye pa theka la ola limene ndimathamangalo chotsanipo 40. Zotsala ndi 360. Botolo la Coca-Cola la 500ml lili ndi makalori 210, mukawonjezera ma bans awiri pa tuck shop pobwerera, thukuta lonse lija labwezedwa musanafike pageti. Apa ndi pamene anthu ambiri amadabwa kuti mimba bwanji siikutsika pomwe wotchi ikuwaombera m'manja daily.

Makina a ku jimu nawonso chimodzimodzi, mwinanso kuposa, treadmill (makina othamangirapo uli pamalo amodzi) ina siifunsa n'komwe sikelo yako ndipo ukagwirira zitsulo za m'mbali imawerengabe ngati ukunyamula thupi lonse wekha.

Kodi ndingaigulenso? Eee, koma chifukwa cha mtima ndi mtunda. Chimene chandisangalatsa ndi choti m'mawa ndikangodzuka mtima unkagunda ka 70 ndi chakuti pa mphindi, pano watsika kufika m'ma 60, chimenecho nde ndimachikhulupirira. Mukagula, mangani lamba mothina pang'ono, chala chimodzi pamwamba pa kafupa ka padzanja, ikakhala yokhwepa kanyali kaja kamasokonezeka mukamathamanga, ndipo sikelo yanu ikasintha kasintheninso mu foni.